Mbewu ya quinoa: ofufuza anena zawo, msika sunayankhe

DOWA — Nyengo yokolola ikafika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mlimi sasowa womuuza mtengo wa mbewu zake. Mtengo wa chimanga umamveka pa wailesi, wa soya umalembedwa ndi makala pa chikatoni chimene venda wapachika pafupi ndi sikelo yake, pamene wa nyemba ndi mtedza amayi amauzana m'njira pochokera kumsika. Kaya mtengowo ndi wabwino kaya ndi wolira nawo, chachikulu n'chakuti ulipo, ndipo mlimi wa ku Nachisaka amatha kuwerengera asanaganize zoti chaka chamawa adzadzala chiyani pa ekala yake.

Pali mbewu imodzi imene akatswiri a zaulimi m'dziko muno akhala akuiyesa kuyambira m'chaka cha 2012, imene mbiri yake pa nkhani ya thanzi ndi yabwino, koma imene pa misika monga ya Mponela, Madisi, Mvera, Malomo ndi pa boma la Ntchisi ilibe mtengo wodziwika. Mbewuyi ndi quinoa, dzina limene limatchulidwa kuti kinwa. Siili pa mndandanda wa mitengo yoyambira kugulira mbewu umene unduna wa zamalimidwe umatulutsa chaka ndi chaka, ndipo mavenda amene amayendayenda m'midzi nthawi yokolola saifunsa. Wofuna kuidya amakaipeza m'masitolo akuluakulu a m'mizinda itaikidwa m'timapaketi, pa mtengo umene munthu wamba sangaufikire.

Mtengo wa m'sitolowo ndi umene umakopa anthu. Wina akauona amathamangira kuganiza kuti alimi athu akugonera chuma. Koma mbiri ya mitengo ya mbewuyi m'maiko amene inachokera, komanso zimene alimi a m'mapiri muno anaziona kale pa mbewu zina, zikuonetsa kuti nkhaniyi ndi yofunika kuiyendera pang'onopang'ono.

Quinoa kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, makamaka m'maiko a Peru ndi Bolivia, kumene anthu okhala mozungulira nyanja ya Titicaca akhala akumulima kwa zaka zikwizikwi. Ndi mbale wake wa bonongwe, ndipo amene wamuona m'munda amavomereza kuti masamba ndi ngala zake zimafanana ndithu ndi ndiwo yathuyi. Njere zake ndi zazing'ono ngati za mawere. Zimaphikidwa ngati mpunga, zimagayidwa n'kukhala ufa wa phala, ndipo masamba ake aang'ono ndi ndiwo. Chimene chinamutchukitsa ndi chakudya chomanga thupi chimene ali nacho, chomwe ndi chochuluka komanso chokwanira bwino kuposa cha m'chimanga. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, n'zosadabwitsa kuti akatswiri anachita naye chidwi.

Zimene anapeza ku Bunda ndi ku Bembeke

Ntchito yoyesa mbewuyi inatsogoleredwa ndi Dr Moses Maliro wa ku Bunda, komwe tsopano ndi gawo la sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, mogwirizana ndi akatswiri a ku Washington State University m'dziko la America. Iwo anadzala mitundu 11 ya quinoa yochokera ku Ecuador, Chile, Bolivia, America, Canada ndi Denmark. Anaiyesa pa ulimi wa mthirira ku Bunda m'boma la Lilongwe ndi ku Bembeke m'boma la Dedza, kenaka anaiyesanso pa mvula ku Bunda. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2017.

Pa mthirira ku Bunda, mtundu wotchedwa Titicaca, umene unakonzedwa ku Denmark, unatulutsa makilogalamu 3,019 pa hekitala. Kumeneko ndi pafupifupi matumba 24 a makilogalamu 50 pa ekala. Pa mvula, mtundu umene unapambana ndi Black Seeded, ndi makilogalamu 2,050 pa hekitala, motsatiridwa ndi Multi-Hued ndi makilogalamu 1,603 ndi Bio-Bio ndi makilogalamu 1,446. Mtundu wa ku Ecuador unangotulutsa makilogalamu 257 basi. Ziwerengero za pamwambazi ndi zimene zimatchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za tsogolo la mbewuyi, ndipo n'zoonadi kuti ndi zolimbikitsa.

Ziwerengero za ku Bembeke sizitchulidwa kwenikweni, chonsecho ndi zimene mlimi wa ku Nachisaka akuyenera kuziyang'anitsitsa. Kumeneko mtundu umene unachita bwino kwambiri, Multi-Hued, unatulutsa makilogalamu 692 pa hekitala, omwe ndi matumba osakwana asanu ndi limodzi pa ekala. Wotsikitsitsa unatulutsa makilogalamu 62, kutanthauza theka la thumba pa ekala yonse. Bembeke ndi malo okwera, ozizira, amene nthaka yake imadziwika kuti ndi yowawasa. Mapiri a kum'mawa kwa Dowa ndi a ku Ntchisi, pa nkhani ya kukwera ndi kuzizira kwa m'miyezi ya June ndi July, ali pafupi ndi Bembeke kusiyana ndi chigwa cha Lilongwe kumene kuli Bunda. Izi sizikutanthauza kuti quinoa sangachite bwino ku Nachisaka. Zikutanthauza kuti mbewu imodzimodzi, m'chigawo chimodzimodzi chapakati, inabereka mosiyana kwambiri pa malo awiri, ndipo mtundu umene unapambana pamalo pena sunapambane pena. Ofufuzawo ananenanso okha kuti pakufunika kupitiriza kuyesa mitundu yambiri kuti dera lililonse lipeze woyenerana nalo.

Palinso zina zimene mlimi akuyenera kudziwa. Quinoa sakonda kutentha kwambiri panthawi imene akuchita maluwa, ndipo kukatentha kupitirira muyeso ngala zimakhala zopanda njere. Mvula ikamupeza atakhwima, njere zimayamba kumera zili m'ngala momwemo. Njere za mitundu yambiri zimakutidwa ndi kanthu kowawa kotchedwa saponin, kamene kamachita thovu ngati sopo, ndipo sizingadyedwe kapena kugulitsidwa bwino zisanatsukidwe kapena kukonoledwa. Ntchito yotsukayi imafuna madzi ambiri ndi manja, ndipo tonse tikudziwa kuti m'midzi mwathu ntchito yotere imagwera amayi.

Mtengo unakwera, kenaka unagwa

Kwa nthawi yaitali quinoa anali chakudya cha anthu osauka a m'mapiri, chimene a m'mizinda ya Lima ndi La Paz ankachinyoza. Zinthu zinasintha anthu a ku America ndi ku Ulaya atayamba kufunafuna zakudya zimene amati ndi zopatsa thanzi. Pakati pa 2006 ndi 2013 mtengo wake unakwera katatu. Bungwe la United Nations, pa pempho la dziko la Bolivia, linalengeza kuti 2013 chikhale chaka cha quinoa pa dziko lonse, ndipo bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO linasankha mtsogoleri wa dziko la Bolivia panthawiyo, Evo Morales, kukhala kazembe wapadera wa mbewuyi. Pa msika wa Challapata ku Bolivia, umene mitengo yake alimi onse a m'dzikolo amayang'anako, thumba la makilogalamu 46 linafika pa ndalama za kumeneko pafupifupi 2,000 mtengo utafika pachimake. Alimi anagula mathirakitala ndi magalimoto, ndipo ena amene anali atasamukira m'tauni anabwerera kumudzi kukalima.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wokwerawo unaitana aliyense. Dziko la Peru, limene m'chaka cha 2013 linakolola matani pafupifupi 52,000, m'chaka cha 2014 linakolola matani oposa 110,000, ndipo linalanda Bolivia malo oyamba. Zokolola zambiri zatsopanozi zinachokera m'minda ikuluikulu ya mthirira ya kufupi ndi nyanja, monga ku Arequipa, kumene hekitala imodzi imabereka kuposa mahekitala angapo a mlimi wa kumapiri. Kumalo otenthawo tizilombo tinali tambiri, alimi anathira mankhwala ochuluka, ndipo katundu wina atafika ku America anabwezedwa chifukwa cha mankhwala otsalira m'njere. M'chaka cha 2014 dziko la Peru linkagulitsa quinoa kunja pa mtengo woposa madola 5 pa kilogalamu. Pofika 2016 mtengowo unali utatsika kufika pafupifupi madola 2.30. Ku Challapata thumba lija la 2,000 linatsika mpaka pansi pa 500.

Nthawi yomweyo maiko ena anali atayamba kulima okha. Maiko amene amalima kapena kuyesa quinoa anachoka pa ochepa chabe m'zaka za m'ma 1980 n'kupitirira 100, kuphatikizapo France, Spain, China, India ndi America amene. Ogula akuluakulu ena anasanduka alimi. Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti pamene ofufuza athu ankasindikiza zotsatira zawo m'chaka cha 2017, nyengo ya mitengo yokwera inali itapita kale. Amene angalowe mu ulimiwu ndi maso a msika wa kunja adzakumana ndi alimi amene ali ndi makina, mafakitale otsukira ndi ogula odziwana nawo kwa zaka zambiri, iye ali m'dziko lopanda doko limene katundu wake amayenda mtunda wautali kukafika ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam.

Msika umagula maonekedwe

Nkhani ya mitundu nayo ili ndi phunziro lake. Maina amene ofufuza amagwiritsa ntchito, monga Titicaca ndi Multi-Hued, wogula wa m'sitolo sawadziwa. Iye amadziwa quinoa woyera, wofiira ndi wakuda. Woyera ndi amene amagulidwa kwambiri, pamene wofiira ndi wakuda, amene amalimidwa mochepa, kawirikawiri amakhala wokwererapo mtengo, ngakhale msika wake ndi waung'ono ndipo sachedwa kudzaza. Pamwamba pa onse pali amene amatchedwa Quinua Real, wa njere zikuluzikulu, wolimidwa kufupi ndi chigwa cha mchere cha Uyuni ku Bolivia, pamalo okwera kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Mtengo wake umachokera ku kukula kwa njere ndi dzina la dera, zinthu zimene mlimi wa kwina sangazitengere.

Choncho mtundu umene umabereka kwambiri m'munda si nthawi zonse umene umapeza mtengo wabwino. Mtundu wa njere za maonekedwe osakanikirana ungathe kudzaza matumba, koma wogula amene akufuna katundu wofanana adzaudula mtengo. Alimi a ku Dowa ndi Ntchisi izi akuzidziwa bwino pa mtedza. Chalimbana, ndi njere zake zikuluzikulu zokoma pokazinga, wakhala akukondedwa ndi ogula ngakhale amachedwa kucha ndipo amagwidwa msanga ndi matenda a khate, pamene CG7 amabereka zambiri ndipo amafunidwa ndi ofuna mafuta. Pa nyemba ndi chimodzimodzi. Nyemba za mtundu umodzi zosankhidwa bwino zimagulidwa pa mtengo wina, zosakaniza pa mtengo wina, ndipo unduna umene umasiyanitsa ziwirizi pa mndandanda wake. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa mtedza ndi nyemba mlimi amadziwa chimene wogula akufuna asanadzale. Pa quinoa wogulayo sanaonekebe, ndiye palibe womuuza mlimi kuti mwa mitundu 11 ija ndi uti umene angaulipire.

Alimi a kuno si alendo pa nkhani zotere

Dera la Nachisaka lili kale ndi mbewu yake yochokera kunja imene anthu a kuno saidya kwambiri ndipo mtengo wake umapangidwa kutali. Mbewuyo ndi mtedza wa makadamiya. Alimi ang'onoang'ono a ku Nachisaka, pamodzi ndi anzawo a ku Chikwatula, Kalira ndi Malomo m'boma la Ntchisi, ali m'magulu amene amagwira ntchito pansi pa mgwirizano wa makopaletivi wa HIMACUL. Mtengo wa makadamiya umatenga zaka zingapo usanayambe kubereka, ndipo ambiri anadzala panthawi imene mitengo ya pa msika wa dziko lonse inali yokwera. M'zaka za 2022 ndi 2023 mitengoyo inagwa pafupifupi ndi theka. Zifukwa zake zinali zofanana ndi za quinoa. Minda yambiri yatsopano ku South Africa, China, Australia ndi Kenya inayamba kubereka nthawi imodzi, pamene mliri wa Covid-19 unali utachepetsa ogula m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege. Ku Kenya zinafika poti boma linalola kwa kanthawi kuti mtedza wosasenda uzituluka kunja, pofuna kupulumutsa alimi amene ankasowa kogulitsa.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene mlimi wa makadamiya ali nacho chimene wa quinoa alibe, chomwe ndi gulu losonkhanitsa zokolola, losankha ndi kuumitsa, komanso lodziwana ndi ogula. Mtengo ukatsika amadandaula, koma ali ndi khomo logogodapo. Ndipo mtengo wa makadamiya ukhoza kudikira chaka chabwino uli chiimire m'munda, chimanga ndi nyemba zikulimidwa pansi pake.

Nkhani ya nandolo ndi yowawa kuposa pamenepa, ngakhale inakhudza kwambiri alimi a m'chigawo chakumwera. M'zaka za 2015 ndi 2016 dziko la India linasowa nandolo chifukwa cha chilala, mitengo kuno inakwera, ndipo alimi analimbikitsidwa kudzala wambiri. M'mwezi wa August 2017, litakolola zochuluka, dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo. Mitengo kuno inagwa mpaka kwina kufika pansi pa K100 pa kilogalamu. Mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pa chaka kuchokera kuno unadzasainidwa m'chaka cha 2021, alimi ambiri atapsa kale manja. Koma ngakhale pa tsoka limenelo, nandolo wosagulidwa anaphikidwa n'kudyedwa, chifukwa aliyense amadziwa kumuphika. Funso ndi lakuti thumba la quinoa likasowa wogula pakhomo la munthu amene sanamulawepo, lidzathera kuti.

Soya, amene lero ndi mbewu yaikulu yogulitsa m'maboma a Dowa ndi Ntchisi pambali pa fodya, akuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Mtengo wake umakwera ndi kutsika, ndipo m'chaka cha 2023 matenda a dzimbiri anaononga minda yambiri m'chigawo chapakati. Koma soya ali ndi ogula ambiri m'dziko momwe muno: makampani oyenga mafuta ophikira, opanga zakudya za nkhuku, opanga nyama ya soya ndi opanga likuni phala. Ogula akachuluka amalimbirana, ndipo kulimbiranako ndi kumene kumabala mtengo. Mbewu imene wogula wake ndi mmodzi, kaya ndi bungwe kaya ndi kampani, mtengo wake umakhala m'thumba la wogulayo, ndipo tsiku limene pulojekiti yatha msika nawo umatha.

Mtengo wa m'sitolo ndi wa pakhomo

Mitengo ya zokolola m'dziko muno yakwera kwambiri m'zaka zapitazi, koma kukwera kwake kukufunika kuwerengedwa mosamala. Mtengo woyambira kugulira chimanga umene boma linaika unali K150 pa kilogalamu m'chaka cha 2021, K220 m'chaka cha 2022, K500 m'chaka cha 2023, K650 m'chaka cha 2024 ndi K1,050 m'chaka cha 2025. M'nyengo yomweyo ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa May 2022 ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023, namondwe wa Freddy anaononga mbewu m'chaka cha 2023, ndipo ng'amba ya El Niño inachititsa kuti boma lilengeze za ngozi m'maboma 23 m'chaka cha 2024. Mtengo wa feteleza, thiransipoti ndi sopo unakwera limodzi ndi wa chimanga. Mlimi anagwira ndalama zambiri m'manja, koma zogula zochepa.

Kugwa kwa kwacha kumakwezanso mtengo wa chilichonse chochokera kunja, kuphatikizapo kapaketi ka quinoa ka m'sitolo ya ku Lilongwe. Mu mtengo wa kapaketiko muli ndalama ya sitima ya pamadzi, ya galimoto, ya msonkho, ya fakitale yotsukira, ya pepala lokulungira ndi phindu la mwini sitolo. Gawo limene linafika kwa mlimi wa ku Peru ndi laling'ono. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ogula a m'masitolo amenewa ndi ochepanso, makamaka alendo ogwira ntchito m'mabungwe, mahotela ndi Amalawi ochepa opeza bwino. Msika wotere ndi weniweni ndipo mlimi wa kuno angathe kuulanda kwa katundu wa kunja, zomwe zingapulumutse ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Koma ndi msika umene makalabu ochepa okha angaudzaze m'nyengo imodzi.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Mlimi wamng'ono wa soya amakolola pafupifupi tani imodzi pa hekitala. Pa mtengo woyambira wa K800 pa kilogalamu umene boma linaika m'chaka cha 2024, ndiye kuti hekitalayo inali ya K800,000. Kuti quinoa afanane ndi ndalama imeneyo pa zokolola zonga za ku Bembeke, za makilogalamu 692, akanayenera kugulidwa pa mtengo woposa K1,150 pa kilogalamu, tisanawerengere ntchito yotsuka. Pa zokolola zonga za Black Seeded ku Bunda, mtengo wa K400 ukanakwanira. Mtunda wa pakati pa ziwerengero ziwirizi ndi umene ukuonetsa kukula kwa chiopsezo, ndipo tisaiwale kuti munda wa ofufuza, umene umapaliridwa ndi kuthiridwa feteleza pa nthawi yake, kawirikawiri umabereka kuposa munda wa mlimi wamba. Komanso ngati quinoa angalimidwe m'chilimwe pa mthirira, ndiye kuti akulimbirana malo ndi tomato, anyezi, kachewere ndi chimanga chachiwisi cha m'dimba, mbewu zimene ogula ake amabwera okha ndi galimoto mpaka m'mudzi.

Njira imene mbatata yofiira inadzera

Boma, kudzera m'masomphenya a Malawi 2063, likufuna kuti ulimi ukhale bizinesi ndiponso kuti dziko lisadalire fodya ndi chimanga chokha. Cholingachi ndi chabwino, makamaka kwa boma ngati la Dowa limene mabanja ake ambiri akhala akudalira fodya wa bale. Palibe amene angatsutse kuti mbewu yopirira ku ng'amba, yocha m'miyezi itatu kapena inayi, ndi yofunika kuiganizira m'nyengo ino imene mvula yasiya kudalirika. Nkhani yagona pa khomo limene mbewuyi ilowere.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi cha mbatata yofiira m'kati. Mbatata imeneyi, ya mitundu monga Zondeni, Kaphulira, Chipika ndi Kadyaubwerere, inafalitsidwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center pofuna kuthana ndi kuperewera kwa vitamini A m'thupi. Sanaiyambe ndi lonjezo la madola. Anaiyamba ndi amayi a m'magulu osamalira ana, ndi maphunziro a kaphikidwe, ndi alimi ochulukitsa mbewu m'midzi momwemo. Anthu ataizolowera inayamba kuoneka m'milu pa msika, ndipo pambuyo pake makampani monga Universal Industries ku Blantyre anayamba kuigula kuti azipangira zakudya zawo. Mtengo unabwera pambuyo pa mphika. Zoona, mbatata inali ndi mwayi woti Amalawi ankaidziwa kale, ndipo chachilendo chinali mtundu wokha. Quinoa ali ndi ulendo wautali kuposa pamenepo, ngakhale ubale wake ndi bonongwe ungathandize kuti masamba ake alandiridwe msanga, ndipo ufa wake ungathe kulowa m'phala la ana popanda kusintha kadyedwe ka banja lonse.

Ngati mbewuyi ingafike ku Nachisaka m'njira yothandiza, malo ake oyamba ndi mizere ingapo m'munda wachionetsero wa mlangizi ndi wa mlimi wotsogolera, kumene mitundu itatu kapena inayi ingayesedwe pa mvula ndi pa dimba, alimi eni ake n'kuona umene ukugwirizana ndi nthaka yawo. Mbewu yodzala ikuyenera kudzera m'njira zovomerezeka za unduna, chifukwa njere za quinoa sizichedwa kutaya mphamvu yomera zikasungidwa pamalo otentha ndi achinyezi, ndipo mlimi amene wagula mbewu yakufa kwa munthu wodutsa sadzafunanso kumva dzina lake. Pa nkhani yogulitsa, makopaletivi amene alipo kale, amene anaphunzira kusankha ndi kuumitsa makadamiya mogwirizana ndi zofuna za ogula a kunja, ali ndi luso limene lingagwire ntchito. Iwo ndi amene angathe kugula makina ang'onoang'ono okonolera, kupeza chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, ndi kukambirana ndi masitolo ndi mahotela za mtundu, kuchuluka ndi mtengo mbewu isanadzalidwe.

Mgwirizano wotere ukuyenera kulembedwa, ndipo uzinena za mtengo wotsikitsitsa, tsiku lodzatenga katundu ndi chimene chidzachitike katundu akakanidwa. Alimi a fodya wa mgwirizano ku Dowa akudziwa ubwino ndi kuwawa kwa mapepala amenewa, ndipo akudziwa kuti mkangano waukulu umabuka pa nthawi yoika magiredi. Pa quinoa magirediwo adzakhala a kukula kwa njere, kufanana kwa mtundu, kuuma, ndi kusapezeka kwa mchenga, zomwe ndi zovuta kwa mlimi amene amapunthira mbewu zake pansi. Lona yopunthirapo ndi sefa ya mabowo oyenera zikuyenera kufika m'kalabu limodzi ndi mbewu yodzala.

Bungwe la ADMARC, limene m'chaka cha 2022 linaimitsidwa kuti likonzedwenso, lakhala likuvutika kupeza ndalama zogulira ngakhale chimanga pa nthawi yake, choncho si nzeru kuyembekezera kuti ndi limene lingatsegule msika wa mbewu yatsopano. Misika ya zokolola monga ACE imagwira ntchito ndi katundu wochuluka amene ali kale ndi ogula. Kwa zaka zoyambirira, ogula a quinoa wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi angakhale masitolo ndi mahotela a mumzinda wa Lilongwe, umene uli pa mtunda wa maola ochepa pa galimoto, ndi opanga ufa wa phala amene angafune kuonjezera chakudya chomanga thupi m'katundu wawo. Zimene ofesi ya zamalimidwe ya boma la Dowa ndi ya Kasungu ADD zingachite mwamsanga, popanda ndalama zambiri, ndi kufunsa ogula amenewa kuti amagulitsa makilogalamu angati pa mwezi, a mtundu wanji, ndipo angalipire zingati katundu atawafikira wotsukatsuka, kenaka chiwerengerocho n'kuchipereka kwa alangizi a ku Nachisaka mvula yoyamba isanagwe.